Mkamwana Sagwira Apongozi

Nzeru yomubweretsa Maness kwa makolo ake ngati wachipatala, osati ngati chibwenzi, inali ya Thumbiko. Nzeru za anyamata zili choncho, zimaoneka bwino Lolemba, pofika Lachisanu zasasa.

Bambo ake, a Luhanga, anali mphunzitsi wopuma wa ku Area 25. Sitiroko inawagwira mvula itangoyamba. Anatuluka m'chipatala pakamwa pali bwino, mwendo ukukokeka pang'ono, koma dzanja lamanja litafumbata ngati la mwana wobisa switi. Maness ndiye anali wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, pa chipatala china mumzinda muno, mtsikana wa ku Kawale, makolo ake a ku Ntchisi. Chibwenzi chawo chinali chitadutsa chaka, koma ku Area 25 dzina lake linali lisanamveke. Mayi ake a Thumbiko, a NyaChavula, anali atalengeza kalekale kuti mwana wawo adzakwatira wa kwawo kumpoto, wodziwa Chitumbuka ndi ulemu wake.

"Akakuona ukugwira ntchito akukonda okha," anatero Thumbiko ali pa benchi ya wokazinga chipisi pa msika wa Kawale. "Tsiku lomwe ndidzanene kuti ndi ameneyu, palibe adzatsegule pakamwa."

"Ndiye ndikalowe ndi bodza?"

"Bodza lake liti? Si iwe wa mafizo?"

"Ndine wa mafizo. Koma iwenso ukudziwa kuti sindine wa mafizo okha."

Thumbiko anaika foloko pansi. "Maness, adada akulephera kumanga batani la malaya. Dzulo ndinawapeza kubafa akulimbana nalo, misozi ili mbwee. Munthu amene ankalemba pa bolodi mpaka ana kusirira."

Maness anamaliza chipisi chake, napukuta zala. Loweruka lake anakwera minibasi ya ku Area 25, chikwama chili pamiyendo.

* * *

M'chikwamamo munali kabokosi kakang'ono ngati wailesi ya m'thumba, koyendera mabatire, kokhala ndi mawaya awiri ndi tizigamba tomata pakhungu. Atangokaika patebulo, a NyaChavula anabwerera m'mbuyo.

"Mwati magetsi? Pathupi pa munthu? Ife timadziwa kuti magetsi amapha."

"NyaChavula, mulekeni mwanayu alongosole," anatero a Luhanga ali pampando wawo wa pafupi ndi windo.

Maness anayamba ndi mafunso. Kodi anawaikapo kachipangizo kalikonse mumtima? Kodi amagwa khunyu? Pali chilonda pamkonopo? Atamva kuti zonsezo ayi, anakoka mpando.

"Minofu ya dzanjali sinafe, bambo. Chomwe chaduka ndi uthenga wochokera ku ubongo. Kamakinaka kamagogoda pa mtsempha, mnofu n'kudzuka. Koma sikagwira ntchito kokha ayi. Kakamagogoda, inunso muziyesetsa kutambasula zala, kuti ubongo ukumbukire njira yake."

"Ndiye kuti ine ndine mwana wa sukulu, ako ndi belu."

"Mwakhoza, aphunzitsi."

A Luhanga anaseka, koyamba chitulukireni m'chipatala.

Phewa nalo linali litatsika chifukwa mkono unkangolendewera, choncho Maness anapempha kuti malaya avulidwe. A NyaChavula ndiwo anamasula mabatani. Maness anapukuta khungu ndi kansalu konyowa, nayendetsa zala zake paphewa ndi pamkono kufunafuna mnofu, ngati mayi wosankha mbatata pamsika. Atapeza pomwe ankafuna anamata tizigamba tija, natembenuza kabatani pang'onopang'ono.

"Mukumva chiyani?"

"Nyerere."

"Zikuluma?"

"Ayi, zikungoyenda."

"Zikayamba kuluma mundiuze. Tsopano yang'anani dzanja lanu, mulilamule."

Anawonjezera pang'ono. Dzanja lomwe linali litafumbata chiyambire mvula linadzuka pabondo, zala n'kutambasuka chimodzichimodzi, chikhatho choyera chija n'kuonekera.

"Chiuta!" anakuwa a NyaChavula, manja ali pamutu.

Kamakina katapuma, zala zinabwerera. Katayambanso, zinatsegukanso. Maness sanalabade za kukuwako. Maso ake anali pa khungu ndi pankhope ya wodwala, ndipo ankawerengera limodzi nawo mwa mawu apansipansi, ngati woimbira mwana. Mtsikanayu ntchito yake ankaidziwa, ndipo sankaichita modzionetsera.

Thumbiko anali ataima pakhomo la kukhitchini, pakamwa pali yasa.

"Zikomo kwambiri, adokotala," anatero pomuperekeza, mayi ake akumva.

Minibasi isanafike n'komwe pa Kanengo, foni ya Maness inalira, uthenga wa Thumbiko. "Adokotala, ine ndagwidwa sitiroko ya mtima. Mukandimata pati?"

Iye anayankha kuti, "Pakamwa."

* * *

Masabata anapita. Loweruka lililonse Maness ankafika ndi chikwama chake, ndipo pakati pa sabata a Luhanga ankachita mafizo omwe anawasiyira: kutola nyemba, kufinya thaulo, kukankha botolo patebulo. Chala chachikulu chinayamba kumvera popanda magetsi. A NyaChavula anasiya kuopa kabokosi kaja mpaka ankakapukuta fumbi. Maness akamatsanzika sankachoka chimanjamanja, lero mapeyala, mawa mpunga wa ku Karonga.

"Mwana wa manja abwino," ankatero. "Akanakhala wa kwathu, ine ndikanamubisa m'nyumba muno."

Wa kwawo analipo. Dzina lake Fiona, mwana wa mkulu wa mpingo mnzawo wa a Luhanga, wochokera ku Embangweni komwenso iwo amachokera. Ankaimba kwaya, ankagwada popereka madzi, ndipo chidwalireni a Luhanga ankabwera kudzathandiza kuchapa popanda womuitana. Fiona ankawatchula a NyaChavula kuti amama, n'kumawakokera mawuwo ngati akuwayeza kuti amukhala bwanji.

Loweruka lina mafizo atatha, Thumbiko anabweretsa tiyi. Anathira shuga m'makapu onse, kusiya imodzi, naipereka kwa Maness.

"A Thumbiko, mwaiwala shuga wa adokotala," anatero Fiona.

"Samwa shuga," anayankha Thumbiko osaganiza.

"Oo? Anakuuzani liti? Ine Loweruka lililonse ndimakhala pompano, sindinamvepo."

Maness anayang'ana mukapu yake. Thumbiko anayamba kukamba za mvula. Fiona anamwetulira, n'kutolera masupuni.

Mtsikanayo sanali wopusa. Awiriwo atatuluka anawatsatira chapatali mpaka pa siteji ya Nsungwi, ndipo kumeneko anaona Thumbiko akumupukuta Maness fumbi patsaya ndi chala chake, Maness n'kumumenya padzanja akuseka. Dokotala wa bambo ako sumupukuta patsaya.

* * *

Loweruka lotsatira Maness anapeza a NyaChavula ataima pakhomo, chitenje chili chomanga kolimba.

"Imani pomwepo. Mwana wanga munadziwana naye liti?"

Maness anaona Thumbiko kumbuyo kwa mayi ake, nkhope ili pansi, ndi Fiona akunamizira kusesa pakhonde. Sanafune kuwonjezera bodza pa bodza.

"Chaka chatha, mayi."

"Ndiye munalowa m'nyumba muno mukudziwa kuti bambowa ndi apongozi anu?"

"Sitinafike poti apongozi, mayi."

"Koma mumafuna mufike?"

"Eya."

"Basi mwadzitsekera nokha." Mawu a NyaChavula ankanjenjemera, ndipo sikunali kukwiya kokha. "Kwathu mkazi wa mwana timati mkamwana. Mkamwana sakhala mpando umodzi ndi apongozi ake aamuna, sawapatsa moni wa padzanja, sawayang'ana kumaso. Akawaona alibe malaya amathawira kuseri kwa nyumba. Inu mwawavulitsa malaya, ine ndemwe ndikumasula mabatani ndi manja angawa! Mwawasisita paphewa, mwawagwira mpaka m'khwapa. Mawa mudzawagwadira ndi nkhope yanji? Abale awo akamva ku Embangweni tidzati chiyani?"

"Amama, wolakwa ndine," anatero Thumbiko. "Iyeyu anakana, ine ndi amene—"

"Iwe khala chete. Ukanakhala ndi nzeru ukanafunsa."

Ngakhale ku Ntchisi apongozi amawapatukira njira, ndipo Maness zimenezo ankazidziwa. Anangozikankhira kuseri kwa mtima, chifukwa akaona dzanja lofumbata iye amaona ntchito basi.

Mkatimo a Luhanga anali pampando wawo uja, atavala jekete ndi malaya omanga mpaka pakhosi ngakhale kunkatentha. Nkhope anali atalozetsa kukhoma.

"Mwanangu," anatero osatembenuka, "mwandithandiza kwambiri. Koma mwandivula. Pitani."

Maness anagwada pakhonde pomwepo. "Pepani, bambo. Pepani, mayi. Ndikupita. Koma chimodzi chokha, chonde dzanjalo lisagone. Likakhala osagwira ntchito liuma, ndipo likauma ngakhale magetsi sadzalitsegula. Nditumiza mnzanga wamwamuna."

Anatenga chikwama chake, nadutsa pafupi ndi tsache la Fiona osamuyang'ana.

* * *

Za misozi tisachedwe nazo, Maness analira ndithu. Mauthenga a Thumbiko ankabwera ngati ngumbi.

"Maness yankha foni pliz."

"Ndalakwa ndine, nditukwane koma uyankhe."

"Ukudya koma?"

Iye ankayankha funso limodzi lokha tsiku lililonse: "Dzanja lili bwanji?"

Aubrey, mnzake wa kuntchito, anapitadi ku Area 25 ndi kamakina kaja, koma anam'bwezera pageti. A Luhanga anali atanenetsa kuti savulanso malaya pamaso pa munthu wa kunja, kaya wamwamuna kaya wamkazi. Kuchipatala nako anakana. Manyazi a munthu wamkulu ndi olimba kuposa matenda.

Lamulungu lina masana Thumbiko anafika ku Kawale, napeza Maness akuyanika yunifolomu kuseri kwa nyumba.

"Wabwera kudzatani? Fiona wasiya kukupatsa tiyi wa shuga?"

"Usatero, Maness."

"Nditere bwanji? Iye akuchapa malaya a bambo ako, ine ndine wosadziwa mwambo."

"Fiona ndilibe naye chilichonse, ukudziwa." Anakhala pa ndowa yovundikira, nagwira mutu. "Dzanja lija layambanso kufumbata. Nyemba zija sakutola. Amama akamafuna kuwasambitsa m'chikhatho akulephera kutsegula zala. Adada angokhala duu, sayankhula ndi munthu."

Maness anasiya zovala m'beseni.

"Kuyambira liti?"

"Sabata yathayi."

"Ndiye ukundiuza lero?" Analowa m'nyumba, natuluka ndi chikwama. "Pinda malaya."

"Ine?"

"Ati savula pamaso pa munthu wa kunja. Iwe ndiwe wa kunja? Pinda."

Maness anamupukuta pamkono, namugwiritsa zala pamwamba pa mkono wake womwe, cha pansi pa chigongono. "Kweza dzanja. Wamva chomwe chatupa apocho? Mnofu wake ndi umenewo. Kachigamba koyamba apo, kachiwiri kutsikira kuno. Pakhungu pakhale poyera, popanda mafuta, popanda chilonda. Pakhosi ndi pachifuwa usadzayerekeze. Ukamata, uyambe ndi kabatani kali pansi penipeni."

Anatembenuza. Dzanja la Thumbiko linadumpha lokha ngati la mwana wodziwa yankho m'kalasi.

"Mayo! Ukundibwezera, Maness!"

"Iyi ndi yomwe bambo ako amamva osadandaula. Khala bwino, mwamuna wamkulu."

Anam'bwerezetsa mpaka dzuwa litapendeka, kumata n'kumatula, pamkono pake, kenako paphewa pake. Pomaliza Thumbiko anamugwira dzanja.

"Wandikhululukira?"

"Sindinatero. Loweruka undidikire. Iwe wekha sungathe, ndiyenera kukhalapo."

"Amama sakulola kulowa."

"Ndani wakuuza kuti ndilowa?"

* * *

Loweruka lake Maness anafika atavala chitenje mpaka m'mapazi ndi duku kumutu. Sanapite kukhomo. Anazungulira nyumba mpaka pa windo lomwe a Luhanga amakhala pafupi nalo, nayala kansalu pansi, n'kukhala msana utatsamira khoma, nkhope italoza kumpanda.

A NyaChavula anatuluka ndi mkwiyo wawo. "Ndinati musalowenso muno."

"Sindikulowa, mayi."

"Nanga apa mukutani?"

"Ndakhala panja. Bambo sindiwaona, sindiwagwira. Manja ndi a mwana wawo. Ine ndabweretsa pakamwa pokha."

Mwambo womwe a NyaChavula anauimirira sunali kuletsa munthu kukhala panja pa windo.

Mkati Thumbiko anali atagwada pamaso pa bambo ake ndi kabokosi kaja. Anawachonderera nthawi yaitali. Mapeto ake a Luhanga anati, "Tseka katani," ndipo mabatani anayamba kumasulidwa.

"Thumbiko, khungu lili bwanji?" anafunsa Maness ali panjapo.

"Lili bwino."

"Usandiuze kuti lili bwino. Pali pofiira? Pali posupuka?"

"Palibe."

"Yamba watambasula zala ndi manja ako, pang'onopang'ono, osakakamiza. Zikafewa, umate monga ndinakuonetsera."

Panapita kanthawi. Kenako Thumbiko anati, "Dzanja likupita chammbali, silikukwera."

"Wamata cham'mphepete kwambiri. Zimitsa kaye. Usunthire pakati."

"Eee, lakwera! Koma zala zatsala."

"Kachigamba ka pansiko katsitse pang'ono. Uwauze bambo kuti akamva nyerere ayesetse nawo, asasiyire makina."

"Adada, akuti mukamva nyerere—"

"Ndamva," anatero a Luhanga. "Makutu sanagwidwe sitiroko."

Maness anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje kuti kuseka kusamveke.

Umu ndi mmene zinayendera Loweruka ndi Loweruka. Anthu odutsa mumsewu ankasuzumira pampanda kuona mtsikana woyankhula ndi khoma. Dzuwa linamuotcha pamenepo. Tsiku lina mvula inamupeza, iye anangokokera miyendo pansi pa denga n'kupitiriza kufunsa ngati phewa likukwera. Sanawayankhulepo a Luhanga mwachindunji, mawu onse ankadutsira mwa Thumbiko. Ndipo ngakhale sankaona kanthu, ankadziwa pomwe zalakwika pongomva mmene Thumbiko wayankhira.

Fiona ankabwerabe. Tsiku lina anaima pafupi naye ndi beseni la zochapa.

"Achemwali, simutopa kukhala pansi ngati wogulitsa tomato?"

"Ndimatopa."

"Pena munthu umangovomereza kuti pano si pako."

"Zoona," anatero Maness. "Thumbiko, akapuma uwapatse kapu yopanda kanthu ayese kuigwira."

A NyaChavula zonsezi ankaziona ali pakhomo la kukhitchini. Sanamuthamangitsenso, koma sanamupatsenso moni. Masiku amenewo ankaoneka ngati munthu womeza fupa, ndipo foni yawo ikalira ankakayankhira kuseri kwa nyumba.

* * *

Loweruka lomwe mvula inasiya, Maness ali pamalo ake anamva mkatimo muli zii. Kenako kapu inagunda pa sosala.

"Maness," anaitana Thumbiko. "Amwa okha. Makina ndazimitsa kale. Anyamula kapu ndi dzanja lamanja, amwa, aibwezera okha."

Maness anatseka maso, natsamiritsa mutu kukhoma.

"Thumbiko, ndiveke malaya," anatero a Luhanga. "Ayi, batani lomalizali lisiye." Analimbana nalo okha mpaka linalowa. "Tsopano itana amayi ako. Uyo ali panjayo abwere kukhomo."

Maness anazungulira, naima kunja kwa chitseko. A NyaChavula anali ataima pafupi ndi kabati, Fiona ali kumbuyo kwawo ndi nsalu yopukutira mbale. A Luhanga anadzuka ndi ndodo yawo, nayenda mpaka pakati pa balaza. Anakweza dzanja lamanja, lotambasuka, likunjenjemera pang'ono, nalilozetsa kwa iye.

"Adokotala, dzanja ili ndi ntchito yanu. Lowani mulipatse moni."

Thumbiko anayang'ana bambo ake, kenako Maness. Aliyense anadziwa chomwe chinali kufunsidwa. Akalowa n'kuligwira, ndiye kuti ndi dokotala, adzalemekezedwa m'nyumbamo moyo wake wonse ngati mlendo. Ndipo ndi wa mafizo uti amene sangafune kumva mphamvu ya dzanja lomwe walivutikira chonchi, kulifinya, kuona ngati zala zonse zikugwira mofanana? Zala za Maness zinagwedezeka zokha.

Anazibisa m'chitenje. Anagwada kunja kwa chitseko, nkhope pansi, nawomba m'manja mwaulemu.

"Thumbiko, uwauze bambo kuti ndathokoza. Koma dzanja lawo ine sindingaligwire."

A Luhanga anakhala chiimire. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, mpaka anatsamira ndodo.

"NyaChavula, mwamva? Ndinaphunzitsa ana ambirimbiri, mayeso ngati awa sindinaperekepo. Mwanayu analakwa kamodzi, mosocheretsedwa ndi chitsiru changachi. Kuchokera pamenepo wakhala padzuwa ndi pamvula kusunga ulemu wanga, dzanja langa osalitaya. Mkamwana woposa apa mukamupeza kuti? Thumbiko, ufunse dzina la amalume ake. Titume thenga ku Kawale akafunsire mbeta mwezi uno usanathe."

Thumbiko anagwa pamawondo, nathokoza m'Chitumbuka. "Yewo, adada! Yewo chomene!"

A NyaChavula sanasunthe. Anali kupotokola nsonga ya chitenje chawo.

"Mwachedwa, a Luhanga."

"Mwati bwanji?"

"Thenga anapita kale." Anasiya nsonga ya chitenje ija. "Nthawi ija munangokhala osayankhula ndi munthu, ine ndinaimbira akulu anu ku Embangweni, ndinawauza zonse. Anati nyumba singakhale chopanda mutu, ndipo mkazi woona apongozi ali chivulire sangalowe m'banja la a Luhanga. Anatuma thenga kwa makolo a Fiona. Avomera. Akulu anu akufika Lachisanu kudzamaliza nkhani."

Fiona anapinda nsalu yake bwinobwino, naiika pakabati.

"Mwatuma thenga wa mwana wanga ine ndili moyo?" Mawu a Luhanga anakwera. "M'nyumba mwanga muno? Ndani anakuuzani kuti ndafa?"

"Adada, khalani pansi," anatero Thumbiko.

"Ndisiye!"

Maness ndi amene anayamba kuona. Mkwiyo ukamakwera, mkono uja unkapindikira kuchifuwa, zala zikubwerera m'chikhatho chimodzichimodzi. Nkhope ya a Luhanga inali itasintha mtundu, mtsempha wa pachipumi utaima, ndodo ikugwedera. Munthu amene anagwidwapo sitiroko safunika kufika pamenepo.

"Thumbiko, agwire! Akhazike pansi, uwamasule batani la pakhosi!"

Thumbiko anawagwira, koma batani linkangomupulumuka. A NyaChavula anayamba kulira. A Luhanga anatsetsereka pampando, akupuma mothamanga, maso ali kwa Maness.

"Maness, bwera!" anakuwa Thumbiko. "Sindikudziwa chochita, bwera!"

Fiona anali ataima pambali, akuyang'ana mapazi a Maness kuti aone ngati adutse pachitseko.